Kutsanzika kwa Lenifa

"Mwanayu apite kwa dokotala, Edness. Chifuwa chimenechi sichikundisangalatsa."

"Dokotala wake uti? Mukafika naye kumeneko mukanena kuti ndi ndani wanu? Akamufunsa kumene amagona, muyankha ndinu?"

"Ndiye asamuke kubesimentiko. Chipinda cha alendo chikungokhala."

"Chipinda cha alendo ndi cha alendo. Inu a Kalekeni chifundo chanu chimabwera mukakhuta. Please, musandiyambe m'mawa uno."

A Greyson Kalekeni anapinda nyuzipepala nayang'ana akazi awo pamwamba pa magalasi. Anali munthu wofatsa, wa mawu otsika, wogwira ntchito ku banki ina yaikulu ya mayiko ambiri mu Washington, kumene ankalemba za umphawi wa anthu a ku Africa. Umphawi ankaudziwa bwino papepala. Wa m'nyumba mwawo momwe ankaukumbukira mwa apo ndi apo, makamaka ukawasokoneza ndi kutsokomola.

Mwini chifuwacho, Lenifa, anali pamasitepe ochokera kubesimenti, kunsi kwa nyumba, atanyamula dengu la zovala zosita. Sanakwere, sanatsikenso. Anangoima pamenepo akumeza chifuwa kuti chisamuulule.

"Tinalonjeza kuti adzaphunzira zosoka," a Greyson anapitiriza. "Uyu anabwera kuno mwana wathu Maureen akuphunzira kuyenda. Lero Maureen akuwerenga mabuku aakulu, uyu sanaonepo khomo la sukulu. Mwana wake wa kumudzi uja ngakhale nkhope ya mayi ake saidziwa."

"Nanga ndinamubereketsa ndine? Amene ndinamuchotsa m'shedi ya fodya ku Kasungu, manja ali bii, ndi ine. Bambo ake ndi achimwene anga a kwa amayi aakulu, ndiye musandiphunzitse kusamala abale anga. Akudya nkhuku, akusamba madzi otentha. Ndani kumudzi kwawo amasamba madzi otentha ochokera pampopi?"

"Zimene tikuchitazi kuno zili ndi dzina loipa, Edness."

"Litchuleni."

A Greyson sanalitchule. Anatsegulanso nyuzipepala yawo, mkangano n'kuthera pomwepo, monga inkathera mikangano yonse ya m'nyumba imeneyo ya ku Rockville. Koma Lenifa anabwerera pansi mtima uli myaa. Chipinda chake chinali kakona ka pafupi ndi chimakina chotenthetsa nyumba, kokhala ndi matiresi ndi kawindo kakang'ono kooneka miyendo yokha ya anthu odutsa. Malipiro sanawaonepo, pasipoti yake inkasungidwa kuchipinda kwa eni nyumba, ndipo telefoni ya kukhitchini anaikhoma kaloko pozungulitsira manambala, moti ankatha kuyankha koma osaimba. Pa zonsezi chinkamulimbitsa mtima n'chimodzi: m'nyumbamo munali munthu mmodzi womuona ngati munthu. Azakhali ake ankawaopa, koma abambowa ankawakonda ngati omubereka.

Sabata yomweyo kunagwa maliro. Wophunzira wina wa ku yunivesite anafa pangozi ya galimoto, ndipo Amalawi ndi Azambia anasonkhana ku Silver Spring, m'fulati yaikulu ya a Mubanga, kukakhuza ndi kukambirana zotumiza thupi kumudzi. Amayi ophunzira anabwera ndi atsikana awo antchito monga mmene munthu amabwerera ndi mpando wake kumsonkhano. Iwo anakhala pabalaza n'kumaimba nyimbo za maliro, atsikana aja anawalozera kukhitchini. Palibe amene anaganizapo kuti pamaliro ndi pokhapo pamene atsikanawa ankaonana popanda wowayang'anira.

Kukhitchiniko anakumana atatu. Mutinta, wantchito wa a Mubanga, anali wa ku Zambia, wamtali, wosadziwa kunong'ona. Anjimile ankagwira ntchito kwa mayi ena a Chimalawi otchedwa a Mable, m'dera lomwelo la Silver Spring. Iyeyu anali wochepa thupi, ndipo tsikulo ankadula anyezi ndi dzanja limodzi, linalo atalikulunga mpango.

"Waonetse," Mutinta anamuuza.

Anjimile anamasula mpangowo. Pamkono panali chilonda chooneka bwinobwino mphuno ya simbi yositira.

"Ndinawauza kuti ndikufuna kupita kwathu," anatero. "Yankho lake ndi limeneli."

Lenifa anagwira pakamwa. Mutinta anakankha chitseko ndi phazi, natsegula mpopi kuti madzi aphimbe mawu.

"Mvelani, ba Lenifa. Ise tizafela muno ngati sitichita kanthu. Pansi apa pochapila nakumana na muzimai wina, ba Marjorie, wakuda monga ise, wa kuno kwamene. Ku chechi kwao mu Washington kuli chipinda, kuli na loya wamene safuna kanthu. Ali na vani ya chechi. Akuti azatitenga."

"Kutitenga kupita kuti?"

"Kunja, iwe. Kwamene bantu bayenda na mendo yao."

"Nanga apolisi? Azakhali amati munthu wopanda mapepala akangoponda mumsewu amamutsekera."

"Bonse bakamba chimodzimodzi, monga banaphunzila sukulu imodzi. Loya uja akuti wolakwa ni wamene akusunga pasipoti ya munzake. Manje nkhani ili apa. Tichoka tonse, tsiku limodzi. Akachoka umodzi, bosala bazabakhomelela, sibazaonanso na zuba. Loweluka la sabata ya mawa, kuseni, bamadamu bakayenda kokonza tsitsi. Vani iyambila kwanu ku Rockville, pakona ya musewu, ndiye ibwela kuno."

Lenifa anapitiriza kutsuka mpunga umene unali utayera kale. Anaganiza za mwana wake, amene pano ayenera kuti wafika pomasenza ndowa. Anafuna kupita, ndipo anadabwa kuti akufuna kwambiri chotere.

"Chabwino," anatero. "Ndidzawauza abambo okha. Iwo aja ndi munthu."

Mutinta anaponya mpeni m'sinki. "Uuze ndani? Kulibe vakutsanzika apa. Utenga chola chako, utuluka, wasila."

"Ndichoke ngati wakuba? M'nyumba imene ndadyamo zaka zonsezi? Ine bambo anga anandipereka masana, pamaso pa anthu. Kwathu munthu wochoka osatsanzika ndi mfiti, ndipo njira yake siyera."

"Ba Marjorie banikambila ati makolo bao benze akapolo mu minda ya fodya ya kuno ku Maryland. Pothaba banapangana, banachoka gulu limodzi. Uganiza kuli wamene anayenda kukagwada pakhomo ya muzungu ati bwana nayenda?"

"Amenewo anali akapolo, anthu ogulidwa. Ine ndili kwa azakhali anga."

Anjimile, amene nthawi yonseyi ankamanganso mpango wake ndi mano, anadzutsa mutu. "Pasipoti yako uli nayo, Lenifa?"

"Ayi."

"Ndiye tikusiyana pati? Ine amandimenya, iwe sakumenya, basi. Chonde mchemwali, ine sindithanso. Ndikatsala m'nyumba muja chaka china, maliro otsatira mudzaphikira anga. Lumbira kuti suuza munthu."

Lenifa analumbira. Pabalaza nyimbo inatha, mayi wina n'kuitana kuti tiyi wachedwa, ndipo atatuwo anatuluka atanyamula mathileyi, nkhope zili pansi monga mwa nthawi zonse.

Masiku otsatirawo Lenifa ankagwira ntchito ngati wobwereka manja. Anapsereza malaya a Maureen, natukwanidwa, osamva n'komwe. Lachitatu masana, eni nyumba atachoka, telefoni inalira. Anali Mutinta, akuimba pa telefoni ya ndalama ya pansi pochapira.

"Vonse vili bwino. Vani ni yoyela. Ukaiona, osayangana kumbuyo."

Tsiku lomwelo a Greyson anabwera kuchokera kuntchito ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa, n'kumupatsa mobisa pakhomo la khitchini. "Azakhali ako asaone," anatero akumwetulira. Lenifa analandira ndi manja awiri, ndipo atatsikira kubesimenti analira. Kuchoka ankafuna ndithu, koma chinkamupweteka n'chakuti munthu ameneyu adzadzuka n'kupeza matiresi okha, ngati kuti zabwino zake zonse anachitira galu.

Loweruka linacha ndi mvula. A Edness anatenga Maureen ulendo kokonza tsitsi. A Greyson tsiku limeneli ankapita kokasewera tenesi, koma mvula ija inawabweza, ndipo anakhala pabalaza atavala masilipasi, akumvetsera tepi ya kwaya ya kumudzi. Zimenezi pa mapangano a kukhitchini aja panalibe amene anaziganizira.

Lenifa anavala diresi lake la kutchalitchi, naika zitenje ziwiri ndi juzi m'chikwama cha pulasitiki. Kubesimenti kunali chitseko chotulukira kuseri, kumene amataya zinyalala. Anachitsegula, mphepo ya mvula n'kumuwomba kumaso. Pakona panalibe vani, nthawi inali isanakwane. Pamwamba pake ankamva abambo aja akutsatira nyimbo ndi mawu awo otsika, nyimbo imene amayi ake ankaimba posankha fodya. Anaima pachitsekopo nthawi yaitali. Akanakhala kuti apita ku tenesi, bwenzi nkhani ili ina. Koma kudutsa pansi pa mapazi a munthu wamkulu, iye ali m'nyumba, n'kungozimiririka, miyendo yake inakana. Anadziuza kuti sadzatchula mnzake aliyense, adzangonena za iye yekha. Anatseka chitseko chija n'kukwera masitepe.

Anagwada pafupi ndi khomo la pabalaza, chikwama chili pambali.

"Abambo, ndabwera kudzatsanzika."

A Greyson anatsitsa tepi. Anayang'ana diresi, anayang'ana chikwama, kenako anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Ukupita kuti, mwanangu?"

"Ndikuchoka, abambo. Ndatopa. Ndikufuna ndidzaone mwana wanga ndisanafe. Sindinafune kuchoka ngati wakuba, chifukwa inu simunandilakwirepo. Mundikhululukire pamene ndinalakwa, muwauzenso azakhali ndi Maureen kuti atsale bwino."

Kunja mvula inkagwa pamasamba ouma amene iye anali asanasese. A Greyson anapuma mozama.

"Ndinkadziwa kuti tsiku limeneli lidzafika," anatero. "Wachita bwino kundiuza. Bambo ako anakulera. Koma mzinda uno ndi woopsa kwa mtsikana woyenda yekha. Ukagona kuti?"

"Kutchalitchi china. Kuli mayi wina akudzanditenga pa galimoto."

"Mayi wake uti? Iwe sutuluka m'nyumba muno, wamudziwira kuti?"

Mafunso amenewa ndi amene munthu aliyense wotsanzika amafunsidwa, ndipo mwana woleredwa bwino samuyankha mkulu ndi msana.

"Lenifa, ndikufunsa ngati bambo ako. Ukasowa, ine ndikawauza chiyani anthu ku Kasungu? Kuli anthu kuno amanyenga atsikana n'kukawagulitsa. Ngati uli wekha sindingakulole."

"Sindili ndekha, abambo. Pali anzanga."

"Aa, ndiye zili bwino. Mtima wanga watsika. Ndi ndani?"

Anawatchula. Mayina awiri aja anatuluka mosavuta, ngati mmene munthu amauzira dokotala pamene pakupweteka.

A Greyson anaimirira. "Dikira pomwepo. Nditenge pasipoti yako, chifukwa popanda imeneyo ukavutika. Ndipo ndikuperekeza mpaka pagalimotopo. Mwana wa munthu sachoka pakhomo panga wopanda womuperekeza."

Anakwera kuchipinda kwawo. Lenifa anatsala chogwada, misozi ikugwera padiresi, akuthokoza Mulungu kuti sanamvere Mutinta. Anayamba kuganiza mmene akawafotokozere anzake m'vanimo, pasipoti ili m'manja.

Kenako telefoni ya kukhitchini inayamba kulira pang'onopang'ono, ti, ti, ti, monga inkachitira munthu akamazungulitsa manambala pa ya kuchipinda. Lenifa anadzuka, napita kukhitchini, nainyamula mosamala.

"Mubanga, listen to me," anali mawu a abambo aja, achangu, osafanana ndi a pabalaza. "Mtsikana wanuyo asatuluke. Khomani chitseko pompano. Muimbirenso amuna awo a Mable, ine ndilibe nambala yawo. Pali tchalitchi ndi loya kumbuyo kwa zimenezi. Zikafika m'nyuzipepala tonse tatha."

Lenifa anadikira mpaka atamaliza. Anayesa kuzungulitsa nambala, chala chake n'kugunda pakaloko kaja. Ngakhale kakanapanda kukhalapo, akanaimbira ndani? Nambala ya munthu aliyense m'dziko limeneli sankaidziwa. Anabweza telefoniyo, ndipo potembenuka anapeza a Greyson ataima pakhomo la khitchini, m'manja mulibe kanthu.

"Wamva," anatero.

"Abambo, mwandichita chiyani?"

"Khala pansi, tikambirane."

"Anjimile amuotcha ndi simbi. Mwawauza kuti amukhomere. Amupha, abambo."

"Zimenezo ndikambirana nawo, sizichitikanso. Iwe sukudziwa mmene zinthu zimayendera kuno. Loya ameneyo sakufuna kukuthandiza, akufuna dzina. Mawa chithunzi changa chili m'nyuzipepala, kuntchito andichotsa, tonse atikweza ndege. Maureen sukulu yake ithera panjira. Walera wekha mwana ameneyu, ukufuna zimenezo?"

"Nanga wanga?"

A Greyson anayang'ana kumbali. Maso awo anali ofiira, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ankadzimvera chisoni zenizeni.

"Ine sindine munthu woipa, Lenifa. Umandidziwa. Chitseko icho sindinakhome, sindikugwiranso dzanja. Koma bambo ako ndi tenanti pa esiteti ya alamu anga. Nyumba imene mwana wako amagonamo ndi ya pa esitetipo. Ine sindingawachite kanthu. Koma azakhali ako akabwera n'kupeza wapita, n'kuimba telefoni ku Kasungu, ine ndingawaletse? Unaonapo ndikuwaletsa chinthu?"

Lenifa anakhala pansi, pasimenti yozizira ya khitchini. Ankawadziwa eni esiteti aja. Anaonapo banja la tenanti likutulutsidwa mvula ikugwa, mphasa ndi mapoto zili pamsewu.

Patapita nthawi belu la pakhomo linalira. A Greyson anakonza kolala ya malaya n'kukatsegula. Panaima mayi wamkulu thupi, wa imvi, atavala jasi lachikasu la mvula. Kumbuyo kwake, pakona, vani yoyera inali ikulira. Anali Marjorie. Anali atadikira pakonapo mpaka kutopa, ndipo m'malo mopitirira anabwera kudzagogoda, chinthu chimene sichinali m'mapangano.

Anayankhulana m'Chingerezi. Lenifa ankatola mawu apa ndi apo. Anamva abambo akunena mwaulemu kuti pali kusamvana pang'ono, mtsikanayu ndi mwana wa m'banjamo, ndipo nkhani za m'banja Aafirika amazikamba okha. Mayi uja sanasunthe. Anati nayenso ndi wochokera komweko, kungoti makolo ake sanabwere pandege, ndipo sachoka asanamuone mwini wake ndi maso.

"Lenifa, bwera," a Greyson anaitana. Atafika, anamuuza m'Chichewa, mofatsa, akumwetulira kuti mlendo aone: "Yankha wekha. Ukumbukire mwana."

Marjorie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anaona diresi la kutchalitchi ndi chikwama chimene chinali chikadali pakhomo la pabalaza. Anatambasula dzanja, nayankhula pang'onopang'ono kuti amveke. Anati galimoto ndi iyo, palibe amene angamugwire, angoponda panja basi. Anamufunsa ngati akufuna kupita.

Kuchokera pamene Lenifa anaima kufika pakhonde panali pafupi kwambiri, mwana wokwawa akanafika. Dzanja la mayiyo linali lonyowa ndi mvula, lotambasuka. Lenifa anafuna kuligwira kuposa chinthu china chilichonse chimene anafunapo. Anafunanso kumuuza kuti athamangire ku Silver Spring, koma Chingerezi chake chinali chochepa, ndipo chimene chinabwera pakamwa ndi chokhacho chimene azakhali ake anamuphunzitsa kuyankha alendo.

"I am fine, thank you."

Marjorie anafunsanso. Lenifa anayankha chimodzimodzi, maso ali pansi. Mayi uja anaima kanthawi, kenako anayang'ana a Greyson nawauza mawu ochepa amene Lenifa sanawamve. Chitseko chinatsekedwa. Vani inapita ku Silver Spring, kumene inakapeza makatani otseka ndi mabelu osayankhidwa.

A Edness atabwera ndi tsitsi lawo latsopano, anamva nkhani yonse ataima. Sanamumenye. Anangoitana munthu wokonza zitseko, ndipo pofika Lolemba chitseko cha kuseri kwa besimenti chinali ndi loko wina. Telefoni ya kukhitchini anaizula. Za dokotala ndi za chipinda cha alendo sizinakambidwenso, ndipo m'nyumbamo munakhala mtendere umene unali usanakhalepo, chifukwa mwamuna ndi mkazi tsopano ankagwirizana.

Patatha masabata angapo, a Kalekeni anaitana anzawo kudzadya nawo masana a Lamulungu. Anabwera a Mubanga ndi akazi awo, anabweranso a Mable ndi amuna awo. Palibe amene anabwera ndi wantchito. Mwambo umenewo anali atauthetsa, ngakhale pamaliro amayi tsopano ankaphika okha, akudandaula.

Lenifa anaphika yekha. Ponyamula mbale ankamva zidutswa za nkhani. Mutinta anamukweza ndege ya ku Lusaka ndi zovala zimene anavala zokha, atalalata pabwalo la ndege mpaka anthu kutembenuka. A Mubanga ankafotokoza zimenezi akuseka, n'kumati akufuna wina wa kumudzi kwenikweni, wosadziwa tauni. Mayi wa jasi lachikasu uja akuti anabweranso kangapo ndi munthu wa taye, koma popanda wodandaula mwini wake panalibe chimene akanachita.

Chakudya chitakonzeka, Lenifa analowa ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda. Anthu amenewa mipopi anali nayo m'chipinda chilichonse, koma akakumana okhaokha ankakonda kusambitsidwa m'manja ngati kumudzi. Anagwada pamaso pa a Mubanga, nathira.

"Ndi uyu," a Greyson anauza alendo. "Akanakhala wina bwenzi tonse tili m'mavuto. Koma anabwera yekha, n'kugwada, n'kunena zonse. Ana aulemu chotere masiku ano kulibe."

"Mwambo ndi chinthu chabwino," anavomera amuna a a Mable. "Ana athu obadwira kunowa sadzaudziwa."

Lenifa anasuntha ndi maondo kufika pa a Mable. Mayiwo anamusisita paphewa, natulutsa chitenje chatsopano m'chikwama chawo n'kumuika pamwendo.

"Ichi n'chako, mwanangu. Unatipulumutsa."

Chitenjecho chinali chokongola, cha maluwa ofiira. Lenifa anachiyang'ana. Sanafune kufunsa, koma funsolo linatuluka lokha.

"Anjimile ali bwanji, amayi?"

A Edness anamuyang'ana moopseza, koma a Mable anayankha mosavutika.

"Ali bwino. Tinamupititsa kwa mng'ono wanga ku Manassas, kunja kwa tauni, kopanda basi, kopanda anzake omusokoneza mutu. Kungoti kuyambira tsiku lija sayankhula. Ungamufunse chiyani, amangokuyang'ana. Koma ntchito yokha akugwira bwino kuposa kale." Anatambasula manja awo pamwamba pa beseni. "Thira, mwanangu."

Lenifa anakweza jagi. Madzi anaphonya beseni, n'kugwera pakapeti ndi pansapato za mayiwo.

"Pepani, amayi," anatero.

Anapukuta nsapatozo ndi m'mphepete mwa diresi lake, nathiranso bwinobwino, kenako anasuntha ndi maondo kupita kwa mlendo wotsatira.